Mwala Sunagwe Wokha

Sabata yatha ndinkadutsa kuseri kwa sukulu yathu ya kuno ku Mlangeni, ndikuchokera kudimba, ndipo ndinamva ana akuyimba Chingelezi onse pamodzi ngati achule a m'dambo. Mphunzitsi ankafuula kuti “Why?” iwo n'kuyankha kuti “Because!” Kenaka anayamba kuwatchulira mawu ena amene Mngelezi amanenera chifukwa cha chinthu. Anatchula “since”, anatchula “as”, ndipo atafika pa “owing to” ndinaima. Ndinatsitsa khasu n'kukhala pachulu mpaka belu linalira.

Mphunzitsiyo ndi munthu waulemu. Atandiona anabwera, navula chipewa.

“AMoyo, ndimati ndikupezeni kunyumba. Akuti muli ndi makalata a Chingelezi chenicheni, cholembedwa ndi eni ake. Simungandibwerekeko awiri kuti ana aonerepo?”

Ndinamuuza kuti ndiyambe ndaganiza. Tsopano ndaganiza, ndipo zimene ndaganizazo ndi zimene ndikulembazi. Mapepala ndimubwereka, koma awatenge pamodzi ndi nkhani yake, chifukwa pepala loyenda lokha lopanda nkhani yake ndi limene linalanditsa mlongo wanga ana ake.

Ndili ndi bokosi lachitsulo limene ndinabwera nalo kuchokera ku Rodeshiya. Muli chitupa changa choyamba, matikiti a ntchito, makalata onse amene ndinalandira, ndiponso kalata iliyonse imene ndinalemba, poti sindinatumizepo kalata osayamba ndalemba inzake yosunga. Anthu amandiseka kuti adzandikulunga m'mapepala pokandiika m'manda. Aseke. Pepala limodzi lokha ndi limene mulibe m'bokosimo, ndipo ndinena kumene lili.

Ku Rodeshiya ndinapita ndi mlamu wanga Yotamu, mwana wa aNgozo a ku Kasinje. Iye anakwatira mlongo wanga Esinati, napereka ng'ombe monga mwa mwambo wa Chingoni, n'kumutenga kupita naye kwawo kuchigwa, kolima mpunga. Ndiye kuti ana anali a kuchimuna. Pamene tinkanyamuka anali ndi ana awiri aakazi, Velina amene ankayenda kale ndi Rute amene anali kubere.

M'mawa wa ulendo, amayi ake a Yotamu, aNandau, anaitana Esinati pamaso pa tonsefe.

“Namoyo, mwana wanga akukalowa pansi pa nthaka. Moyo wake ukutsala nawo ndiwe. Udzisunge.”

Kwathu, ngakhale m'mabanja opemphera ngati athu, aliyense ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ankati mwamuna akakhala pantchito yoopsa, kuuzimba kapena kumgodi, mkazi wake n'kugona ndi mwamuna wina kumudzi, ngozi imakamupeza mwamunayo komweko. Esinati anagwada n'kuwomba m'manja. Yotamu anaseka.

“Amayi, musavutike. Mwamuna wina aliyense angathawe tsiku lomwelo, ndi lilime lakeli.”

Esinati anatola chitsononkho n'kumugenda nacho pamsana. Kutsanzikana kwawo kunali komweko.

Tinayenda selefu, ndiye kuti pa miyendo yathu, osalembedwa ndi kampani iliyonse. Tinadzera kwa Apwitikizi, tinawoloka Zambezi pa bwato, ndipo zidendene zinang'ambika mpaka tinkazimanga ndi luzi. Ine ndinali nditafika Sitandade 3 kusukulu ya mishoni, choncho m'njira ndinkayeserera Chingelezi mokweza. Mphunzitsi wathu anatiphunzitsa kuti funso loyamba ndi “why” uliyankhe ndi “because”, ndipo pambuyo pake utchule amene wachita chinthucho ndi chimene wachita. Ukasiya munthuyo unkalandira ndodo. Yotamu sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, koma mawu amenewo anamukomera m'khutu, ndipo anandipatsa dzina loti Bikozi.

“Bikozi, tafunsa mingayi chifukwa chake ikulasa ine ndekha. Kapena nayonso ikuopa munthu wophunzira?”

Mgodi umene tinalembedwako unali wa golide, waung'ono, wa azungu atatu okha. Sinditchula dzina lake, unatsekedwa kale. Tinkagona m'timisasa ta udzu, anthu a ku Nyasalande pamodzi ndi a ku Tete ndi eni dziko. Lamlungu tinkapemphera pansi pa mtengo, ndipo masana ake Yotamu ankavina ngoma ya kwathu atagwira chivundikiro cha mgolo m'malo mwa chishango. Ankaponda pansi mpaka fumbi, anthu a mitundu ina n'kumafunsa ngati kwathu tonse tili otero.

Ine ndinakankha ngolo ya miyala miyezi isanu ndi umodzi. Kenaka anamva kuti ndimalemba, nandikhazika pakhomo la mgodi kuti ndizilemba matikiti ndi timapepala topemphera zipangizo. Ndinali ndi mpando, tebulo ndi mthunzi. Yotamu anamuika m'gulu la mitengo, anthu amene amaimika nsanamira zochirikiza denga la mwala kuti lisagwere okumba. Posakhalitsa anakhala kapitawo wa gululo, chifukwa anali ndi khutu. Asanalowe munthu aliyense, iye ankagogoda denga ndi chitsulo chachitali n'kumvetsera. Mwala wolimba umalira ngwe, ngwe, ngati belu. Mwala umene walekana ndi unzake kumwamba umalira phu, phu. Luso limeneli anamuphunzitsa ndi atate ake, amene anagwirapo ntchito ku Joni asanabwerere ndi chifuwa.

Pampando pajapo ndi pamene ndinaphunzira Chingelezi china chimene kumishoni sanatiuze. Mzungu woyang'anira pansi tinkamutcha Checha, poti mawu okhawo, otanthauza kuti fulumira, ndi amene ankatuluka m'kamwa mwake tsiku lonse. Tsiku lina ndinachedwa ndi malungo. Anandifunsa kuti “Why?” Ine ndinaimirira bwinobwino monga kusukulu, n'kuyamba kuti “Because I”, koma mbama inafika ndisanatchule mawu achitatu. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti “why” wa kumgodi sadikira yankho.

Chinanso ndinachiona pa zidziwitso zimene ankakhoma pachitseko cha sitolo. Nyama ikasowa ankalemba kuti palibe nyama “owing to” matenda a ng'ombe. Ufa ukachedwa, unachedwa “owing to” mvula. Ndinazindikira kuti mawu awiriwa satsatidwa ndi munthu. Amatsatidwa ndi chinthu: mvula, msewu, matenda, zinthu zimene sungaziitanire kubwalo. Koma m'buku la zilango, limene ndinkalembamo ndine, munali “because” yekhayekha, ndipo pambuyo pake pankabwera munthu ndithu. Uyu walangidwa chifukwa iye waswa nyali. Uyu chifukwa iye wagona pantchito. Ife tinali ndi “because”, iwo anali ndi “owing to”.

Ndisaname. Nthawi imeneyo zimenezi sizinandikwiyitse ayi. Ndinazikonda. Ndinkakopera zidziwitsozo m'kabuku kanga, ndipo kabukuko ndikali nako. Ndinkati ichi ndiye Chingelezi chapamwamba, Chingelezi chovala nsapato.

M'chaka chathu chachiwiri, nthawi ya mvula, anatsegula njira yatsopano pansi. Tsiku lina masana Yotamu anatuluka ali matope okhaokha, naima patebulo langa.

“Bikozi, lemba. Mitengo khumi ndi iwiri. Ndipo ulembepo bikozi wako uja, kuti denga lalekana.”

“Mwatsimikiza, alamu?”

“Tamvera.” Anagogoda njanji ndi chitsulo chake, inalira ngwe. Kenaka anagogoda mgolo wamatabwa wong'aluka umene unali pambali pa mpando wanga. “Wamva? Likulira choncho. Mwala sunama, mlamu.”

Ndinalemba monga anandiphunzitsira kumishoni, kuti kapitawo Yotamu akupempha mitengo khumi ndi iwiri chifukwa wagogoda denga ndipo lalekana. Kapepalako kanabwerera tsiku lomwelo. Checha analembapo chopingasa ndi pensulo yofiira mawu awiri, “Not needed”, ndiye kuti siikufunika, naikapo chilembo choyamba cha dzina lake. Mitengo inalipo. Unali mulu wonse kuseri kwa ofesi, koma ankaisungira khonde la nyumba ya manijala.

Timapepala totero tinkatibaya pamsomali, n'kumatitentha mwezi ukatha. Kameneka ndinakapinda n'kukaika m'thumba la malaya. Sinali nzeru, chinali chizolowezi chabe.

Zimene zinachitika m'mawa mwake sindinazione, koma anthu asanu ndi mmodzi amene analipo anandiuza aliyense payekha, ndipo mawu awo sanasiyane. Yotamu anagogodanso, nauza anthu ake kuti asalowe. Checha anafika nati amene akane kulowa apita naye kupolisi pa mlandu wokana ntchito. Yotamu anayang'ana anzake aja, nati, “Imani pano. Ndiyambe ndine, ndikaimike ngakhale mtengo wakalewu.” Ananyamula nsanamira yakale paphewa n'kulowa yekha. Akuti anayenda mapazi khumi.

Anamutulutsa masana atamukulunga m'masaka. Nkhope yake inalibe bala. Tinamuika kuseri kwa komboni, m'dothi lofiira, ndipo dzina lake ndinalilemba pathabwa ndi msomali wotentha.

Patapita masabata awiri kunabwera mzungu wa boma wofufuza za ngozi. Sanatsike pansi. Anakhala pakhonde la manijala, khonde latsopano lonunkhira utomoni, akumwa tiyi. Anandiitana ine poti ndine ndinkadziwa kuwerenga, komanso ndinali mbale wa malemuyo. Patebulo panali pepala lolembedwa kale pa makina. Linkati munthu wakuti, wa ku Nyasalande, wafa “owing to a fall of rock”, ndiye kuti chifukwa cha kugwa kwa mwala.

Mzungu wa bomayo sanali waukali. Anandifunsa mofatsa ngati n'zoona kuti mwala unagwa. Ndinati n'zoona. Anandifunsanso ngati ndinali ndi china chowonjezera.

Manijala ankayatsa kaliwo, ndipo anandiyang'ana maso ali pamwamba pa moto wa machesi. Kapepala kaja kanali m'thumba langa, ndinkakamva pachifuwa ngati khala. Ndinaganiza za mpando wanga ndi mthunzi wake. Ndinaganiza za ngolo, ndi za denga lija likulira phu, phu pamwamba pa mutu wanga.

“Palibe, bwana.”

Ndinasaina ndi dzanja langa labwino, chilembo chomaliza n'kuchipatsa mchira. Anandisainitsanso pepala lina lofanana nalo, nandipatsa kuti likhale la achibale. Pamene galimoto ya wa bomayo inkachoka, tiyi anali asanazizire m'ketulo.

Tsono kalata imene ndinalemba kumudzi nayi, ndikuikopera pa inzake imene ndinasunga:

“Kwa aNgozo ndi aNandau. Ndi chisoni ndikudziwitsani kuti mwana wanu Yotamu wamwalira chifukwa cha kugwa kwa mwala mumgodi. Maliro taika mwaulemu, ndi mapemphero. Ndatumiza jekete lake, bulangete ndi nkhwangwa yake. Ambuye akutonthozeni.”

Ndinaiwerenga kawiri n'kuona kuti ndi kalata yabwino, yaifupi ndi yaulemu ngati ya azungu. Ndinadziuza kuti ndikuwachitira chifundo okalambawo posawauza zambiri. Zoona zake n'zakuti ndikanalemba za mitengo, ndikanayenera kulembanso za thumba langa.

Ndinakhalanso zaka ziwiri. Ndinkatumiza nsalu ndi sopo, ndipo amalume ankandiyankha kuti kuno tonse tili bwino. Munthu salemba zamanyazi m'kalata imene akalembetsa kwa munthu wina.

Pobwerera ndinatsika lole pa boma la Ntcheu, n'kumanga bokosi langa panjinga imene ndinagula, ndi kukankha mpaka ku Mlangeni. Ndinavala suti. Nditafika, kuseri kwa nyumba ya amayi ndinaona mayi wina wowonda, wampango wakuda, akusankha nyemba. Ndinamupatsa moni wa mlendo. Anadzutsa mutu.

“Mwabwera, achimwene?”

“Esinati! Ukutani kuno? Ana ali kuti?”

“Ali kwawo.”

Anapitiriza kusankha nyemba, ndipo anandiuza zonse osakweza mawu. Kalata yanga itafika ku Kasinje, mkulu wa mpingo anaiwerenga pabwalo. Atamaliza, aNandau anafunsa kuti m'dzenjemo mumalowa anthu angati. Wina amene anagwirapo ntchito kumgodi anati amalowa ambiri nthawi imodzi. Pamenepo aNandau anati, “Nanga mwalawo unamudziwa bwanji mwana wanga pakati pa anthu onsewo?” Kalata inalibe yankho. Ndiye anthu analifunafuna okha, ndipo sanachedwe kulipeza. Wina anakumbukira kuti mvula isanayambe, mwamuna wina wa pamudzipo anafolera nkhokwe ya Esinati, ndipo Esinati anamupatsa thobwa. Atameta maliro anamupatsa Esinati mtanga wake n'kumuperekeza mpaka kumsewu. Rute anamuchotsa kumsana akulira. Amalume anapitako kawiri, koma anabwerako opanda mawu, poti nawonso analibe choyankha funso lija. Kumpingo anamuimitsa Esinati kudya Mgonero mpaka atalapa.

“Anati ndingovomera, andikhululukira, ndipo ana ndiziwaona. Koma ndivomere kuti Yotamu ndinamupha ndine? Ana anga akule akudziwa zimenezo?”

Anasiya nyemba zija nandiyang'ana.

“Achimwene, inu munali komweko. Kodi mwala umangogwa?”

Ndinavula jekete la suti, n'kumasula bokosi panjinga, n'kulitsegula pomwepo pafumbi.

Patapita masiku atatu tinatsetsereka phiri kupita ku Kasinje, ine, Esinati ndi amalume, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. Inali nthawi yodula mpunga, kukutentha. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. ANgozo anakhala pampando atatsamira ndodo. Chifuwa chinali chitawadya kwambiri moti mawu aliwonse ankawagula ndi mpweya. ANandau anakhala chapatali, osayang'ana mpongozi wawo. Ana anawatsekera m'nyumba.

Amalume atapereka malonje, ndinatulutsa pepala la boma n'kulimasulira.

“Zimenezo tinazimva kale,” anatero aNandau. “Mwala. Kodi mwatsika phiri lonseli kudzatiuza za mwala?”

Ndinatulutsa kapepala kaja. Ndinawerenga zimene Yotamu anapempha, n'kuwaonetsa mawu ofiira amene Checha analembapo, ndi kuwauza tanthauzo lake. Ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

“Pepalalo silinalankhule,” anatero aNandau. “Mwalankhula ndinu, ndipo ndinu mlongo wake wa mkaziyu. Pano amadziwa Chingelezi ndani? Mukhoza kutiwerengera chilichonse. Mawa mudzatiwerengera kuti mwana wanga ali moyo.”

Ankanena zoona. Panalibe wina wowerenga Chingelezi pamudzi ponsepo. Ndinayang'ana mapepala anga pamphasa, zaka zonse ndinawasunga kuti asanyowe, ndipo anali ngati masamba a mango omwewo.

Pamenepo aNgozo anakhosomola nthawi yaitali, kenaka anafunsa mawu amodzi.

“Anagogoda?”

“Anagogoda, bambo.”

“Linalira bwanji?”

Pafupi ndi nkhokwe panali mtondo wakale wong'aluka, utagona cham'mbali. Ndinapempha ndodo yawo. Ndinayamba ndagogoda khasu limene linali pamenepo, linalira ngwe. Kenaka ndinagogoda mtondo uja monga Yotamu anagogodera mgolo patsogolo panga. Phu. Phu.

Mkuluyo anatsinzina.

“Pamenepo salowa munthu,” anatero. “Mitengo anapempha ingati?”

“Khumi ndi iwiri.”

“Anamupatsa ingati?”

“Ngakhale umodzi.”

“Analowa ndani poyamba?”

“Analowa yekha. Mzungu anati okana apita kupolisi. Iye anaimika anzake onse kumbuyo, n'kunyamula mtengo wakale kulowa nawo.”

ANgozo anakoka mpweya, chifuwa chikulira. Kenaka anatembenukira kwa akazi awo.

“Mwamva, Nandau? Mwala sunasankhe. Panalibe wina woti usankhe. Ndine ndinamuuza mwanayo kuti kapitawo salowetsa anthu kumene iye sanaponde.”

Ndinayesa kuti mafunso atha. Mkuluyo anandiloza ndi chibwano.

“Wa boma anabwera?”

“Anabwera.”

“Kapepalako kanali kuti tsiku limenelo?”

Ndikanatha kunena kuti ndinakapeza pambuyo pake. Palibe akanadziwa. Amalume anazolika. Esinati ankandiyang'ana.

“Kanali m'thumba la malaya anga.”

“Sanakufunse kanthu?”

“Anandifunsa. Ndinati palibe chowonjezera. Ndinaopa kubwerera pansi.”

“Nanga polemba kalata kwa ife?”

“Kanali m'thumba momwemo.”

ANgozo anatambasula dzanja, ndinawabwezera ndodo yawo.

“Munthu wofuna kupulumutsa mlongo wake ndi bodza sadzipaka matope chotere,” anatero. “Ndakhulupirira. Namoyo, mwana wanga, tinakulakwira.”

ANandau analira. Sanalire ngati munthu wokumbukira maliro akale, analira ngati mtembo wangolowa kumene pakhomo, mpaka amayi amene ankadula mpunga anataya zikwakwa n'kuthamangira kumudzi. Zaka ziwiri anali atakwiya, ndipo ndikhulupirira kuti mwana wawo anayamba kumulira tsiku limenelo. Atatonthola analowa m'nyumba natuluka ndi ana. Kwa Esinati sananene mawu opepesa. Kwa ine ananena awa:

“Inu aMoyo, pakhomo pano musadzapondenso.”

Ndipo sindinapondepo mpaka tsiku la maliro awo.

Velina anathamanga nagwera amake pachifuwa. Koma Rute anagwira nsalu ya agogo ake n'kubisala kumbuyo, akusuzumira ndi diso limodzi.

“Agogo, amenewa ndani?”

Esinati sanalire. Anakhala pansi pafumbi, natambasula manja, n'kudikira. Anadikira mpaka mthunzi wa mango unasuntha kuchoka pamphasa, ndipo mwanayo sanabwere. Anadzamutcha amayi patapita dzinja lathunthu. Lero Rute ndi mayi wa ana anayi, koma akaiwala amawaitanabe amake kuti aNamoyo, ngati mmene amaitanira munthu wa pamudzi. Zimenezo palibe pepala limene lingazikonze.

Esinati anabwerera m'nyumba yake ku Kasinje. Kumpingo anamubwezera ku Mgonero, ndipo polengeza anangoti wabwezedwa chifukwa cha kuoneka bwino kwa nkhani. Sanatchule amene anamuimitsa, sanatchule amene anamunamizira. Ndinaona kuti nafenso tili naye “owing to” wathu, sitinachite kuphunzira kwa Mngelezi.

Tsiku lomwe lija, ine ndi amalume tikunyamuka, ndinkabwezera mapepala m'thumba. Esinati anabwera Velina ali m'chiuno mwake, natambasula dzanja.

“Kapepala kofiirako ndipatseni.”

“Iwe sudziwa kuwerenga. Kakangowonongeka.”

“Inu mumadziwa kuwerenga, achimwene. Kanathandiza yani?”

Ndinamupatsa.

Choncho, aphunzitsi, mapepala amene ndikubwerekeni ndi awiri: la boma lija, limene lili ndi dzina langa lamchira pansi pake, ndi kalata yanga ya Chinyanja. Chingelezi cha pepala la bomalo n'chabwino, mulibe cholakwa ngakhale chimodzi, ndinachifufuza zaka zambiri. Ana aphunzire “owing to”, adzakumana naye m'maofesi ndipo asadzachite naye mantha. Koma akatha kukopera, muwauze alembenso ndi “because”, monga ankatikakamizira ife kumishoni, ndipo atchule munthu. Yotamu anafa chifukwa Checha anakana mitengo. Checha sanafunsidwe kanthu chifukwa ine ndinati palibe chowonjezera. Esinati analandidwa ana chifukwa ine ndinalemba kalata yaifupi. Dzina langa musalibise, ana a pano amandidziwa.

Pepala lachitatu ndilibe. Mukalifuna tsikani ku Kasinje, mukafunse nyumba ya mayi wokalamba wotchedwa Namoyo. Sakakubwerekani, ndipo sakalola kuti mukaligwire. Akalitulutsa m'kachitini, n'kumasula kansalu kamene analikulungamo, n'kuligwira yekha ndi manja awiri. Mpaka lero sadziwa chilembo ngakhale chimodzi, ndipo kawirikawiri amaligwira chozondotsa. Koma akakuwerengerani lonse, kuyambira pa mitengo khumi ndi iwiri mpaka pa mawu ofiira, osaphonya.